Tsiku limodzi ku Aswan: miyala inapulumuka, midzi inamila

Kum'mwela kwa dziko la Egypt kuli mzinda wa Aswan, m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Ambili a ife timauona cabe pa foni, m'mavidiyo a anthu amene anapitako: madzi odekha, maboti oyenda na mphepo, nyumba zopentedwa buluu na yelo, na akacisi akale a zipilala zitali-zitali. Makampani onyamula alendo kumeneko amagulitsa zonsezi monga ulendo wa tsiku limodzi. Motoka ikutengani pa hotela m'mawa, gaidi akuonetsani damu, malo osemela miyala na kacisi wa Philae, m'madzulo mukwela boti kukaona mudzi wa Anubia, ndipo dzuwa likamalowa ninshi mwabwelela. Malo anayi amenewa ali pafupi-pafupi. Koma tikawatsatila amodzi-amodzi timapeza mbili ya zaka zoposa 3,000, ndipo mbali yake yothela ifanana kwambili na zimene zinacitika kuno kwathu ku Gwembe.

Poyambila ni pa damu lalikulu, limene amalicha High Dam. Ni phili lomangidwa na anthu, la miyala, mcenga na dothi, lotalika mamita 111 kupita m'mwamba na mamita 3,830 kucoka tsidya lino kufika tsidya lina. Nchito inayamba mu January 1960 na kutha mu 1970. Damu likalibe kumangidwa, mtsinje unali kusefukila caka ciliconse ca m'ma August na September, n'kusiya matope aconde m'minda. Madzi akabwela pa mlingo wabwino, anthu anali kukolola zambili. Akacepa inali njala, akaculuka anali kukokolola midzi. Mtsogoleli wa Egypt, Gamal Abdel Nasser, anafuna kuti madziwo azisungidwa na kutsegulidwa pa nthawi imene boma lafuna.

Ndalama ndizo zinavuta. America na Britain analonjeza kuthandiza, koma mu July 1956 anasintha maganizo. Patapita wiki imodzi, Nasser analanda ngalande ya Suez m'manja mwa kampani ya anthu a ku France na Britain, kuti ndalama zimene zombo zinali kulipila podutsa zimange damu. Mu October caka cimeneco Britain, France na Israel anamuthila nkhondo, koma ngalande inakhalabe ya Egypt. Pothela pake Soviet Union ndiyo inapeleka nkhongole na mainjiniya. Ndiye cifukwa cake pafupi na damu pali cipilala cacitali cooneka monga duwa, cokumbukila ubwenzi wa maiko awiliwa.

Damu linacita zimene analimangila. Makina ake 12 angathe kupanga mamegawati 2,100, ndipo midzi yambili ya ku Egypt inaona malaiti koyamba cifukwa ca ilo. Alimi anayamba kukolola kawili kapena katatu pa caka. M'zaka za m'ma 1980, pamene cilala cinapha anthu ku Ethiopia na ku Sudan, Egypt anali kutunga madzi amene anasunga. Ife amene tinakhala mumdima maola ambili pa tsiku mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, sitingapeputse zinthu zotele.

Tikaimilila pamwamba pa damu na kuyang'ana kum'mwela, timaona nyanja ya Nasser, yotalika pafupifupi makilomita 500 mpaka kulowa m'dziko la Sudan. Apa gaidi amapatsa alendo mphindi zocepa zojambula zithunzi. Pansi pa madzi amenewo pali Nubia, dziko la anthu akuda amene anakhala m'mbali mwa Nile kwa zaka masauzande. Mafumu awo a ufumu wa Kush anagonjetsa Egypt m'zaka za m'ma 700 BC na kuilamulila kwa zaka pafupifupi 100. Mmodzi wa iwo, Taharqa, amachulidwa ngakhale m'Baibulo, m'buku laciwili la Mafumu. Mapilamidi amene mafumuwa anasiya ku Sudan ni ambili kuposa a ku Egypt. Kuyambila m'zaka za m'ma 500 AD Anubia anakhala Akhristu kwa zaka mazana ambili, ndipo pambuyo pake analowa Cisilamu. Pofika mu 1960 anali alimi, okhala pa kamtunda kakang'ono pakati pa mtsinje na cipululu. Cuma cawo cinali mitengo ya kanjedza yobala zipatso zotsekemela, ndipo minda anali kuithilila na gudumu lotunga madzi lozungulitsidwa na ng'ombe. Amuna ambili anali kugwila nchito ku Cairo na ku Alexandria, yophika kapena ya ulonda, na kutumiza ndalama kumudzi.

Malo aciwili ali mkati mwa mzinda, pamene Aiguputo akale anali kusema mwala wolimba wofiilila umene anali kuunyamula pa maboti kupita nawo kumpoto. Pano pagona cipilala cimene sicinathe. Cikanaimikidwa, cikanatalika mamita pafupifupi 42 na kulemela matani oposa 1,000. Anchito anali kucigoba pomenya thanthwe na miyala ina yolimba kwambili imene anali kuigwila kumanja. Atatsiliza mbali zitatu, mwala unang'ambika, ndipo anangousiya. Mabala a miyala yawo akali kuoneka m'ngalande zimene anagoba. Pa zipupa za akacisi timawelenga maina a mafumu, koma pano ni pamene munthu angaone kukula kwa thukuta la anthu wamba amene maina awo sanalembedwe.

Kucoka apo timapita pa doko kukakwela boti la injini, ndipo oyendetsa ambili ni Anubia. Patapita mphindi zocepa, pakati pa matanthwe akuda, kacisi wa Philae amaonekela. Anali wa mulungu wamkazi Isis. Mbali zake zakale kwambili zimene zikalipo ni za m'nthawi ya mfumu Nectanebo I, amene anayamba kulamulila ca m'ma 380 BC. Mbali yaikulu inamangidwa na mafumu a banja la Ptolemy, ndipo mafumu a Roma anawonjezelapo zawo. Cikhristu citafalikila mu Egypt, akacisi ena onse anatsekedwa, koma Philae anapitiliza. Amene anamusunga wotsegula anali anthu a kum'mwela, a mitundu ya Blemmyes na Nobades. Popangana za mtendele na Aroma, iwo anapatsidwa ufulu wobwela kudzapembedza, ngakhale kutenga fano la Isis pa boti kupita nalo kwawo na kulibweza.

Pa cipata cina ca kacisiyu pali mawu amene wansembe wina dzina lake Esmet-Akhom anazokota pa 24 August mu 394 AD. Amenewo ndiwo mawu othela odziwika olembedwa m'zilembo zakale za zithunzi-zithunzi za ku Egypt. Pambuyo pake luso loziwelenga linafa, mpaka pamene Champollion wa ku France anazimasulila mu 1822. Kacisi anatsekedwa ca m'ma 537 AD molamulidwa na mfumu Justinian, ndipo mbali yake ina inasanduka chalichi. Mitanda imene Akhristu anazokota pa zipilala ikali kuoneka.

Pali cinthu cimodzi cimene cimadabwitsa mlendo aliyense. Cisumbu cimene timaponda si Philae. Dzina lake ni Agilkia. Philae weni-weni ali pansi pa madzi, mamita pafupifupi 500 kucokela apo. Vuto linayamba kale, High Dam ikalibe n'komwe kuganizilidwa. Mu 1902 Angelezi, amene anali kulamulila Egypt, anatsiliza damu loyamba la Aswan, ndipo linakwezedwa kawili, mu 1912 na mu 1933. Kacisi anayamba kukhala m'madzi miyezi yambili pa caka. Alendo a nthawi imeneyo anali kupalasa bwato pakati pa zipilala, ndipo utoto wa pa zipupa unasukuluka wonse. Anthu a ku Ulaya anadandaula kwambili za kacisiyo. Koma nthawi zitatu zonsezo madzi anamizanso minda na nyumba za Anubia, amene anali kungosendela kumtunda na kumanganso pa miyala. High Dam inali ulendo wacinayi, ndipo apa panalibenso kosendela.

Pa 8 March 1960, mkulu wa bungwe la UNESCO, Vittorino Veronese, anapempha maiko onse kuti athandize kupulumutsa zinthu zakale za ku Nubia. Maiko pafupifupi 50 anasonkha. Nchito yonse inadya madola 80 miliyoni, ndipo inatha mu 1980. Yochuka kwambili inacitikila ku Abu Simbel, makilomita pafupifupi 280 kum'mwela kwa Aswan, kumene alendo amapita tsiku lina lapadela, kunyamuka usiku kukali mdima. Kumeneko mfumu Ramesses II, m'zaka za m'ma 1200 BC, anagoba akacisi awili m'phili, ndipo pakhomo pa wamkulu pali ziboliboli zake zinayi zotalika mamita pafupifupi 20 ciliconse. Kuyambila mu 1964 mpaka 1968, akacisiwo anacekedwa m'zidutswa zoposa 1,000, zina zolemela matani 30. Nkhope za ziboliboli anaziceka na masowo a pamanja kuti zisathetheke. Cidutswa ciliconse cinapatsidwa nambala, cinanyamulidwa, ndipo cinabwezeledwa pamalo pake pa phili latsopano la konkili na miyala, mamita 65 pamwamba pa malo akale. Anasamala ngakhale kumene khomo liyang'ana, moti mpaka lelo, pa 22 February na pa 22 October, kuwala kwa dzuwa la m'mawa kumalowa mpaka m'cipinda camkati.

Ku Philae anayamba mu 1972. Anazungulitsa cisumbu na mpanda wa zitsulo, anapopa madzi, anatsuka matope, na kupasula kacisi m'zidutswa pafupifupi 40,000. Cisumbu ca Agilkia anaciphwanya na kuciumba kuti cifanane na Philae, ndipo kacisi anatsegulidwanso mu 1980. Pothokoza, Egypt anapatsa maiko ena akacisi aang'ono athunthu. Wa Dendur ali ku New York, wa Debod ali ku Madrid, wa Taffeh ali ku Leiden, ndipo wa Ellesyia ali ku Turin. Ku Faras, m'dziko la Sudan, akatswili a ku Poland anafukula chalichi cacikulu cimene cinakwililika mumcenga, na kumatula zithunzi za pa zipupa zake madzi akalibe kufika. Zinapelekedwa ku Warsaw na ku Khartoum. Inali nchito yaikulu, ndipo zambili zimene dziko lidziwa za mbili ya Nubia zinafukulidwa m'zaka zimenezo.

Nanga anthu? Anubia oposa 100,000 anasamutsidwa m'maiko awiliwa. Ku Egypt, anthu pafupifupi 50,000 ananyamulidwa pa maboti kuyambila mu October 1963 mpaka pakati pa 1964, kupita kufupi na Kom Ombo, kumpoto kwa Aswan. Akalibe kukwela, anapita kumanda kukatsazika makolo awo, ndipo ena anatapako dothi m'tumatumba. Midzi yatsopano inapatsidwa maina a midzi yakale, koma inali mizele ya tunyumba twa boma m'cipululu, makilomita angapo kucokela ku mtsinje. Nyumba zina zinali zosatha. Minda inacedwa kugawidwa, madzi akumwa anali ovuta, ziweto zambili zinafa, ndipo m'miyezi yoyamba matenda anatenga ana aang'ono na okalamba ambili. Mtengo wa kanjedza umatenga zaka kuti uyambe kubala, conco amene anasiya mitengo ya agogo awo anayambila pansi.

A ku Sudan anapita kutali koposa. Tauni ya Wadi Halfa inamila, ndipo kuyambila mu January 1964 masitima ananyamula anthu ake kupita ku Khashm el-Girba, m'mbali mwa mtsinje wa Atbara, makilomita mazana ambili kum'mawa cakum'mwela. Anthu amene anakulila kumalo kumene mvula imatha zaka osagwa anapezeka m'dziko la mabingu na matope. Malowo anachedwa New Halfa. Woimba wa Cinubia Hamza El Din, amene mudzi wa kwawo wa Toshka unamila, anacha cimbale cake ca mu 1971 dzina lakuti Escalay, kutanthauza gudumu lija lotunga madzi.

Tsopano tifike pa mbali imene alendo amaikonda kwambili. Dzuwa likapendeka, timakwela felucca, boti lopanda injini loyenda na nsalu yaikulu imene imagwila mphepo. Limadutsa pakati pa tuzisumbu na matanthwe osalala. Kumbali ina kuli minda yobiliwila, mitengo ya mango na ya kanjedza, ndipo kuseli kwake mcenga wacikasu umatsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza madzi. Akakowa amaimilila m'mabango, ndipo tuanyamata tumapalasa tumabwato n'kugwila m'mbali mwa boti, kuimbila alendo kuti awapatseko kangacepe. Ulendo umathela m'mudzi monga Gharb Soheil, kumene alendo amamwa tiyi wofiila wa karkade, atsikana amajambulidwa maluwa m'manja, ndipo m'nyumba zina amaonetsa ng'ona zosungidwa m'tumadamu twa simenti.

Mudzi umenewu ni weni-weni, ndipo ndalama za alendo zimadyetsa mabanja. Koma tiyenela kudziwa cifukwa cake ulipo. Uli kumunsi kwa madamu onse awili, kumene nyanja siinafike. Midzi yambili imene inali kumtunda kwa High Dam ilibe khomo limene mlendo angagogode, ndipo midzi ya ku Kom Ombo kumene eni ake anatayidwa siipezeka pa pepala la ulendo. Paja amati mlendo ni mame. Amabwelela ku hotela ataona Nubia wa utoto wowala, osadziwa kuti mbali yaikulu ya dzikolo anaiyang'ana m'mawa uja ali pamwamba pa damu.

Nkhaniyi ikalibe kutha. Zinenelo za Anubia, Nobiin na Kenzi, siziphunzitsidwa m'masukulu a boma, ndipo ana ambili a m'matauni amakamba Ciarabu cabe. Mu 2014 malamulo aakulu a dziko la Egypt, pa ndime 236, analonjeza kuti boma lidzagwila nchito yobwezela Anubia kumalo a makolo awo m'zaka khumi. Caka cimeneco comwe, lamulo la pulezidenti nambala 444 linaika malo ambili a m'malile, kuphatikizapo mbali ya Nubia wakale, m'manja mwa asilikali. Zaka khumi zinakwana mu 2024, ndipo ambili akali ku Kom Ombo. Amene apempha kubwelela lomba ni adzukulu, obadwa madzi atamiza kale zonse.

Ife a kuno sitifunika kupita ku Egypt kuti timvetse zimenezi. Damu la Kariba linamangidwa kuyambila mu 1955 mpaka 1959, m'nthawi ya citaganya ca Rhodesia na Nyasaland, kuti lipeleke malaiti ku migodi ya ku Copperbelt na ku mafakitale a ku Southern Rhodesia. Atonga pafupifupi 57,000 a m'cigwa ca Gwembe, a mbali zonse ziwili za Zambezi, anasamutsidwa. Mu September 1958, ku Chisamu m'dela la mfumu Chipepo, anthu amene anakana kukwela malole anayang'anizana na apolisi a boma la atsamunda, ndipo asanu na atatu anaphedwa na mfuti. Pafupifupi 6,000 anapelekedwa ku Lusitu, malo ouma kumene matenda anapha ambili m'zaka zoyamba. Pa nthawi imodzimodziyo manyuzipepala a kunja anali kulemba za Operation Noah, nchito yopulumutsa nyama zakuchile zimene zinatsekeledwa pa tuzisumbu madzi atakwela. Nyama pafupifupi 6,000 zinapulumutsidwa, ndipo anthu a kunja anatumiza thandizo. Ku Nile dziko linasonkhela miyala, ku Zambezi linasonkhela nyama. Midzi yambili ya anthu osamutsidwa inakhala zaka makumi ambili yopanda malaiti, nthambo zikudutsa pamwamba.

Cinanso cofanana n'cakuti kusamutsa anthu ndiko kunafukula mbili yathu yakale. Mu 1960, anchito amene anali kukumba maziko a thanki ya madzi a anthu a ku Lusitu anapeza manda akale pa kaphili ka Ingombe Ilede. M'mandamo munali mikanda ya golide na ya galasi, mitanda ya mkuwa na waya wa mkuwa, umboni wakuti zaka mazana ambili zapitazo anthu a m'mbali mwa Zambezi anali kucita malonda ofika mpaka ku nyanja yaikulu ya kum'mawa. Ndipo nchito ya UNESCO ku Nubia ndiyo inabala pangano la maiko la mu 1972 loteteza malo ofunika a dziko lonse. Akacisi a ku Abu Simbel na Philae analowa pa mndandanda wake mu 1979, ndipo Mosi-oa-Tunya wathu analowa mu 1989. Conco mlendo aliyense woima pa mathithi ku Livingstone ali pa malo otetezedwa na lamulo limene linabadwila ku Nile.

Kacisi wa mwala angacekedwe na kupatsidwa nambala. Malo opatulika a Atonga, malende, kumene anali kupempha mvula, anali mitengo, maiwe na tunyumba twa udzu, ndipo palibe amene anawanyamula. Amakhala cabe m'mitu ya anthu amene anawaona. Munthu amene anali na zaka 10 mu 1958 lomba ali pafupi na zaka 80. Ena a iwo ali ku Lusitu, ku Sinazongwe na ku Siavonga, ndipo ena tikhala nawo m'makomboni muno mu Lusaka, osungidwa na ana awo.

Ambili a ife sitidzafika ku Aswan, koma ku Siavonga timapita, pa holide kapena pa ulendo wa kuchalichi, ndipo timakwela boti dzuwa likamalowa. Mitengo youma imene imatulukila pamwamba pa madzi a Kariba inamela pa nthaka imene anthu anali kuyendapo. Tingafunse woyendetsa boti dzina la mudzi umene unali pansi pathu. Ngati sadziwa, tingafunse agogo ake. Foni imene timajambulila dzuwa ili na cojambulila mawu, ndipo mafunso ake ni apafupi: mudzi unali kuchedwa ciani, munda unali mbali iti ya mtsinje, manda anali kuti, ndipo tsiku la malole munanyamula ciani. Nyumba za wailesi za m'madela mwathu zimasakila nkhani zotele tsiku na tsiku. Akatswili a ku Abu Simbel anagwila nchito yawo m'zaka zinayi cabe, madzi akukwela, ndipo zaka zimene zatsala kwa okalamba athuwa mwina sizisiyana kwambili na zimenezo.